Fumbi la Fodya Tikalichotse Tonse Pamodzi



Nyengo ya msika wa fodya ikafika, kuno ku Kasungu sitichita kufunsa. Malole odzaza ndi mabelo amandondozana kulowera ku Chinkhoma, wailesi imakhalira kulengeza mitengo, ndipo m'magolosale katundu amakwera mtengo usiku umodzi. Ndi nyengo ya chimwemwe, pakuti thukuta la miyezi yambiri limasanduka ndalama. Koma ndi nyengonso imene nkhope zina zimasowa pa mapemphero a Mphakati. Bambo amatsanzika kuti akukaona ngati ndalama zalowa ku banki, n'kubwerako patapita masabata awiri, atanyamula buledi ndi paketi imodzi ya shuga, m'thumba muli mbee. Mchitidwe umenewu tinaupatsa ndi dzina lomwe: kuchotsa fumbi.

Sabata ino tinene mosapsatira kuti kufuna kuchotsa fumbi si tchimo. Wogwira ntchito ayenera kupuma. Cholakwika n'chakuti fumbilo amakalichotsa munthu mmodzi, pamene linagwera banja lonse. Anathirira nazale ndani dzuwa la Okutobala likuswa mtengo? Anaokera ndani, anapalira ndani, anathyola ndi kusoka ndani mpaka manja kuda bii ndi utomoni? Ngati amayi ndi achinyamata anali nawo m'chigafa, akhale nawonso pa mpumulo. Maganizo athu ndi akuti banja limene Mulungu walidalitsa ndi zotsala lipatule kangachepe n'kuyenda ulendo pamodzi, ndipo kwa ife a kumtunda palibe malo otsegula maso kuposa zilumba za m'nyanja yathu.

Sitikuloza chala mabanja a ena. Nafenso tinalawako. Chaka china bambo athu anasowa pakhomo atangogulitsa fodya, ndipo mlongo wathu anakhala teremu yathunthu osapita kusukulu. M'nyumba munalowa chete woopsa, uja woti anthu akudyera mbale imodzi koma osayang'anana. Ankhoswe ndi akuluakulu a Mphakati anagwira ntchito yaikulu. Patapita zaka ziwiri, bambo anabwera ndi pepala la kumsika, naliika pamphasa pamaso pa tonse. Tinachotsa ngongole ya feteleza, fizi, chimanga chofika nacho mwezi wa Malichi, zoyambira ulimi wina, ndi chopereka cha masika kutchalitchi. Zitatsala zochepa, amayi anati: "Bambo a ana, ine ndakalamba nyanja ndikungoimva. Tiyeni tikaione tonse." Bambo anakhala duu, kenaka anavomera.

Tinakwera basi pamsewu wa M1, kudutsa pa Jenda ndi m'nkhalango ya Chikangawa mpaka ku Mzuzu, kumene tinachita nawo Misa m'tchalitchi lalikulu la Petulo Woyera. Kuchoka apo tinatsetsereka kupita ku Nkhata Bay kukadikira Ilala, sitima imene inapangidwa ku Scotland ndipo inayamba kuyenda panyanjayi m'chaka cha 1951, agogo athu akadali anyamata. M'sitimamo munali matumba a chimanga, malata, njinga, nkhuku, ndi amayi a geni ya usipa amene ankagona pakatundu wawo ngati ali kuchipinda. Mtunda utazimirira, bambo athu, amene amadziwa giredi ya fodya pongoligwira tsamba, anasanduka mwana. Anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo anagwira mkono wa amayi, ndipo ndi iwo amene anayambitsa Kolona. Aka kanali koyamba kuwaona akuopa, ndiponso koyamba kuwaona akutsamira amayi pagulu.

Sitima inaima pa Chizumulu, kachilumba kakang'ono, isanafike pa Likoma. Zilumba ziwirizi ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a dzikolo amaoneka pafupi ngati ungawakhudze. Likoma ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 18 okha, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 pa zilumba zonse ziwiri. Ife ozolowera minda yotambalala mpaka kumene maso alekezera tinadabwa kuona nthaka ya miyala ndi mchenga, malambe akuluakulu, mitengo ya mango ndi timinda ta chinangwa. Tinadya kondowole ndi utaka, tinamva Chinyanja cha kumeneko chimene chimafanana ndi chathu koma china n'kumatiphonya, ndipo titaona anyamata akuyeserera malipenga tinakumbuka mganda wa kwathu.

Pakati pa chilumbacho, pamalo otchedwa Chipyela, pali tchalitchi lalikulu la Petulo Woyera la abale athu a Anglican. Amishonale a UMCA anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, ndipo ntchito yomanga tchalitchili inayamba mu 1903 n'kutha mu 1911. Dzina lakuti Chipyela likukumbutsa kuti pamalopo ankatentherapo anthu owaganizira ufiti. Pamene panali kulira kwa anthu opsa ndi moto, lero pamamveka nyimbo zotamanda Mulungu. Tili chiimire m'katimo, amayi ananong'ona kuti ngati Mulungu anasintha malo otere, nyumba yathu singamukanike. Tinamvanso za Episkopi Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi mu 1895 bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, ali paulendo wopita ku Likoma patangopita miyezi yochepa chidzozedwereni. Ena angafunse kuti Akatolika tinkafunanji m'tchalitchi la mpingo wina. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chaka cha 1964, unatiphunzitsa kuona obatizidwa a mipingo ina ngati abale. Kulemekeza thukuta lawo sikuchepetsa chikhulupiriro chathu. Ife tinatulukamo tikudzifunsa kuti tchalitchi lathu la kunthambi, la njerwa zochepa chabe, latitengera zaka zingati osalimaliza.

Komabe chachikulu chimene chilumba chinatichitira sichinali m'zipupa za tchalitchi. Pachilumba palibe kozembera. Sitima ikachoka, yachoka, ndipo mudikira kufikira idzabwerenso. Bambo analibe anzawo a pabawo oti awaitane, ife tinalibe kothawira, amayi analibe mtondo kapena munda. Madzulo tinkakhala pamchenga kuyang'ana nyali za asodzi zitandandalika pamadzi ngati mudzi. Usiku wachitatu bambo anatembenukira mlongo wathu, nati: "Mwanawe, teremu ija ndinakulakwira." Mawu amenewa anakanika kutuluka kwa zaka ziwiri pakhomo, pamene aliyense amadzuka n'kuthamangira ntchito yake. Anatulukira pamalo pamene panalibe ntchito ina koma kukhala pamodzi.

Malembo Oyera sadabwa nazo zimenezi. Pa Marko 6, atumwi atabwerako ku ntchito yawo atatopa, osapeza ndi mpata wakudya womwe, Yesu anawatenga pabwato kupita nawo kwaokha kuti akapumule. Pa Luka 2 timawerenga kuti Yosefe ndi Maria ankapita ku Yerusalemu chaka ndi chaka, ndipo Yesu ali ndi zaka 12 anapita nawo. Yosefe sanawasiye ku Nazarete kuti akapembedze yekha. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anatiyendera kuno ku Malawi mu 1989, analemba mu 1981 kalata ya Familiaris Consortio yokumbutsa kuti banja ndi Mpingo wa m'nyumba. Mpingo umene anthu ake amangokumana pa ntchito, osakumana pa chimwemwe, suchedwa kugawikana.

Nyanja ili ndi phunziro linanso kwa ife alimi. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala akusunga lamulo kuyambira m'zaka za m'ma 1950 lakuti usodzi utsekedwe kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mowa ndi juga n'zoletsedwa pachilumbapo. Anthu amenewa anazindikira kuti ngakhale madzi amafuna sabata. Pa Likoma tinaona nkhuni zikutsika m'mabwato kuchokera kutsidya, mtolo uliwonse wogula. Tinakumbuka mitengo imene timagwetsa chaka ndi chaka pomanga zigafa ndi pochiza fodya, osabzala ina. Papa Fransisko m'kalata ya Laudato Si' ya 2015 anatcha dziko lapansi nyumba yathu tonse. Mawu amenewa tinawamvetsa bwino titaima pamalo pamene malire a nthaka amaoneka ndi maso.

Tikudziwa kuti ena mukuwerenga mukupukusa mutu. Mukuti: fodya wake uti? Kampani ikadula ngongole ya zipangizo, ambiri amatsala ndi zongogulira mchere, ndipo amene amalima m'minda ya eni sakhala n'chotsala n'komwe. Zimenezi n'zoona, ndipo sitikuuza munthu kuti akongole katapila kapena adye fizi ya mwana chifukwa cha nyanja. Ulendo umabwera pambuyo pa ngongole, chakudya ndi sukulu. Koma tinenenso zoona zinazi: m'midzi mwathu muli mabanja amene amati alibe ndalama ya ulendo, chonsecho ndalama yoposa pamenepo imathera m'mabala ndi m'nyumba zogona alendo sabata imodzi, n'kubweretsanso matenda m'banja. Vuto la mabanja otere si kuchepa kwa ndalama ayi, koma kuti ndalamayo imawerengedwa mumdima ndi munthu mmodzi.

Kwa amene Likoma watalika, msewu wochoka pa Kasungu kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota umakafika kunyanja tsiku lomwelo. Mabanja angapo a Mphakati umodzi angathe kusonkha pang'onopang'ono ku banki m'khonde n'kupita limodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo amene sangathe ngakhale zimenezi, apatule tsiku limodzi, aphe nkhuku, akhale pansi onse popanda khasu. Opita kuzilumba akumbukire kuti m'miyezi yozizira mwera umavundula nyanja. Afunse eni nyanja za nyengo ndi tsiku la sitima, asakwere bwato lodzaza mopitirira, ndipo avale jekete zoyandamitsa. Safunsa anadya phula.

Achinyamata anzathu, nkhaniyi ndi yathu kuposa ya makolo. Mawa lino ndife amene tidzagwire pepala la kumsika. Mnyamata amene lero akubisa ndalama ya ganyu kwa amayi ake, mawa adzabisa ya fodya kwa mkazi wake. Tiyambe tsopano kuzolowera kuika zathu pamphasa. Ndipo tikamapempha makolo za ulendo, tipemphe mwaulemu, titabweretsa kathu kochepa m'manja, osati ngati olamula.

Sabata ino tidzifunse: kodi kwathu tinakhala liti pamodzi popanda ntchito, maliro kapena mlandu? Kodi ndi mawu ati amene akudikira mpata wotere kuti atuluke?

Banja Loyera la ku Nazarete, Yesu, Maria ndi Yosefe, dalitsani ntchito za manja athu, tetezani abambo athu m'nyengo ino ya msika, ndipo mutiphunzitse kupumula pamodzi monga timakhetsera thukuta pamodzi. Amen.