Mtima anaukonza ku India, nanga dzanja lija akuliyang'ana ndani?

Malume anga a ku Chipasula atabwerako ku India chaka chatha, aliyense wodzawazonda ankafuna kuona chipsera pachifuwa. Panalibe. Iwo ankangokweza dzanja lamanja n'kuloza kadontho pamalo ovalapo wotchi. "Anadutsira apa, mphwanga," anandiuza akuseka. Anthu ankagwira pakamwa. Ine ndinagwira dzanjalo, chifukwa ndikuphunzira za unamwino ndipo ndili ndi chizolowezi choipa chomva kugunda kwa mtsempha wa aliyense wondipatsa moni. Kumanja kunkagunda mofooka kusiyana ndi kumanzere.

Njirayi si yachilendo. Dokotala amaboola mtsempha wa pamkono, mbali ya chala chachikulu, n'kulowetsamo kachubu kopyapyala mpaka kumtima. Akatero amaona pomwe patsekeka, n'kutsegulapo ndi kuikapo kachitsulo kotchedwa stent. Lucien Campeau wa ku Montreal ndi amene anayamba kulemba za kuunika mitsempha ya mtima podzera pamkono mu 1989, ndipo Ferdinand Kiemeneij wa ku Amsterdam anayamba kutsegula mitsemphayo kudzera pomwepo mu 1992. Poyamba ankadutsira m'mphechepeche, wodwala n'kugona chagada maola ambiri kuopa kutaya magazi. Pamkono magazi satayika kwambiri ndipo munthu amadzuka msanga. Sindikutsutsa njirayi. Ndi yabwino.

Koma mtsempha wa pamkonowu ndi wochepa, m'mimba mwake mamilimita 2 kapena 3 basi. Kachubu kakamadutsa kamapala khoma la mkati. Pochira, khomalo limatha kukhuthala, njira n'kuchepa. Nthawi zina magazi amaundana n'kutsekeratu, makamaka ngati pabala anapanikizapo mwamphamvu kwa nthawi yaitali, kapena ngati mankhwala oletsa magazi kuundana anali ochepa. Izi zimachitikira anthu angapo mwa 100 aliwonse.

Chovuta n'chakuti wodwala samva kanthu. Dzanja limalandira magazi kuchokera ku mitsempha iwiri. Wina uli mbali ya kachala kakang'ono, ndipo iwiriyi imakumana m'chikhato. Umodzi ukatsekeka, winawo umasenza katundu yense. Zala zimagwira ntchito, munthu amadya nsima bwinobwino. Ngakhale kugunda kumatha kumveka pang'ono pamalo otsekekawo, chifukwa magazi amabwerera chakumbuyo kuchokera m'chikhato.

Wina anganene kuti, ndiye vuto lili pati? Munthu wapulumuka ku imfa, mukudandaula za kamtsempha? Mnzanga wa m'kalasi anandiuza zomwezo, ndipo ndikumumvetsa. M'dziko lomwe odwala mtima amadikira pamndandanda kuti boma liwatumize kunja, nkhani ya mkono ikumveka ngati ya anthu okhuta.

Koma taonani omwe amapita kukatsegulitsa mitsempha ya mtima. Ambiri ndi a BP ndi shuga, monga malume. Matenda awiri omwewa ndi amene amaononga impso. Impso zikalephera, munthu amafunika makina osefa magazi, ngati aja a ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Kuti alumikizidwe ku makinawo kwa zaka, madokotala amasoka mtsempha wotumiza magazi ku mtsempha wobweza magazi, ndipo malo oyamba omwe amayang'ana ndi pamkono pomwepa. Mtsempha womwewu amathanso kuudula n'kukaulumikiza kumtima pa opaleshoni yolambalala potsekeka. Ndipo matenda a mtima sapita kamodzi. Tsiku lina kachubu kadzafunika kulowanso. Mtsempha wotsekeka ndi khomo lomwe latsekedwa mwini nyumba osadziwa.

Mapepala omwe malume anabwera nawo ndi ambiri: mankhwala, zakudya zoyenera kupewa, tsiku lokaonedwa. Za mkono anangolemba kuti anadutsira kumanja. Kuchipatala komwe amapita mwezi ndi mwezi amawayeza BP, amawafunsa za chifuwa, amawalembera mankhwala. Palibe anagwirapo dzanjalo.

Chondiwawa n'chakuti kuyeza kwake sikufuna makina a mamiliyoni. Kachipangizo kopana pachala koyezera mpweya m'magazi, komwe kanafala nthawi ya Covid-19, n'kokwanira poyambira. Umakaika pachala chachikulu, n'kupanikiza mtsempha wa mbali ya kachala kakang'ono. Kugunda kukazimiririka osabwerera, ukudziwa kuti mtsempha winawo uli ndi vuto ndipo pakufunika sikani. Mphindi ziwiri zokha. Vuto likapezeka m'masiku oyambirira, mankhwala oletsa kuundana kwa magazi amatha kutsegulanso njira. Pakadutsa miyezi, mwayi umachepa.

Choncho ndikuti Unduna wa Zaumoyo, potumiza odwala kunja, uzipempha kuti kalata yobwerera nayo izinena dzanja lomwe analigwiritsa ntchito komanso ngati mtsemphawo anauyeza asanamutulutse. Kuno kwathu, woyamba kumuona wodwalayo akangotsika ndege aziyeza n'kulemba m'buku lake la kuchipatala. Kwa amene impso zake zayamba kale kufooka, alembe mooneka bwino kuti dzanja linalo alisamale.

Loweruka ndikupita ku Chipasula. Ndabwereka kachipangizo kaja kwa mnzanga, ndipo malume avomera, bola ndiwagulire chiwaya pobwerera. Ndawauza kuti chiwayacho ndiye ayi.