Filimu ya Contagion sinalosere Covid-19

Kavidiyo kodulidwa mu filimu ya Contagion kayambanso kuzungulira pa WhatsApp kuno ku Dedza. Pamsika wa Chimbiya, m'minibasi yopita ku Lilongwe, ngakhale pamaliro, anthu akuti filimu ya Contagion, yomwe inatuluka mu 2011, ndi umboni woti azungu anachita kukonza mliri wa Covid-19. Limeneli ndi bodza.

Scott Z. Burns, yemwe analemba filimuyo, sanaombeze ula. Anakhala pansi ndi akatswiri a matenda monga Ian Lipkin wa ku yunivesite ya Columbia, n'kumva zomwe zinachitika kale. Kuyambira mu 1998 ku Malaysia, kachilombo ka Nipah kanachoka kwa mileme n'kulowa mu nkhumba, kenako kanagwira oweta nkhumbazo ndipo anthu oposa 100 anamwalira. Mu 2003 matenda a SARS, omwe anayambira ku China, anafalikira maiko ambiri kudzera ku Hong Kong. N'chifukwa chake filimuyo imatha ndi mleme ukugwetsera chibenthu cha nthochi m'khola la nkhumba. Mlimi wa mbatata ku Bembeke akaona mitambo itaphimba phiri la Dedza n'kunena kuti mvula ili pafupi, sitinena kuti ndiye amaigwetsa.

Chomwe chikutiwawa n'choti otumiza kavidiyoka anadula mbali yofunika kwambiri. Mufilimumo muli Alan Krumwiede, munthu wofalitsa nkhani pa intaneti, yemwe amanama kuti wachira ndi mankhwala a zitsamba, n'kumaopseza anthu za katemera. Iye akulemera, anzake akuikidwa m'manda.

Ifenso tinaona zotere ndi maso athu. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira ndi Covid-19 tsiku limodzi. Patangopita miyezi inayi, boma linatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 atatha mphamvu. N'zoona kuti anafika masiku ake atatsala ochepa, komanso ambiri ankamuthawa chifukwa cha mphekesera.

Kukayikira maiko olemera sikulakwa konse. Anadziunjikira katemera ife tikudikira, ndipo filimu yomweyo imaonetsa anthu a m'mudzi wina ku China akugwira dokotala wa WHO kuti nawonso aganiziridwe. Tsankho limenelo tizilidzudzula poyera, osati kupeka za chiwembu.

Abale athu, onerani filimu yonse musanatumizire mnzanu kachidutswa. Alangizi a zaumoyo akafika m'mudzi mwanu ndi katemera, afunseni mafunso onse omwe muli nawo, koma musawatsekere chitseko.