PCOS ikapezeka mwa mmodzi, banja lonse litchere khutu

Pali funso lomwe amayi ambiri sadafunsepo mayi awo owabereka, ngakhale akulu awo: kodi inu muli mtsikana, msambo wanu unkabwera bwanji? Pamwambo wathu funso lotere limaoneka lolaula. Koma kwa mayi yemwe amatha miyezi itatu kapena inayi osasamba, yemwe wayamba kumera ndevu, kapena wakhala zaka m'banja popanda mphatso, yankho lake likhoza kufupikitsa ulendo wofunafuna chomwe chikumuvuta.

Vuto lomwe ndikunena pano madokotala amalitcha polycystic ovary syndrome, mwachidule PCOS. Si lachilendo. Pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka ali nalo, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi amenewa, ofika 7 mwa 10 sadziwa kuti ali nalo. Maganizo anga ndi akuti mbali ina ya kusadziwaku imayambira kunyumba. Vutoli limayenda kumtundu, koma ife timalibisa ngati tsoka la munthu mmodzi.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'thupi. Mwezi uliwonse, mabasiketi a mazira a mayi amakhwimitsa dzira limodzi n'kulitulutsa. Mwa mayi wa PCOS, mahomoni oyendetsa ntchitoyi sagwirizana. Mahomoni achimuna, omwe mayi aliyense amakhala nawo pang'ono, amachuluka. Timatumba tambiri ta mazira timayamba kukula koma timaima panjira, dzira osatuluka, msambo n'kuchedwa. Timatumba timeneti ndi tomwe timaoneka pounika m'mimba. Si zotupa, si khansa, ndipo sitifuna opaleshoni yoti atichotse.

Mwa amayi ambiri pamakhalanso vuto lachiwiri. Thupi silimvera bwino insulini, homoni yomwe imalowetsa shuga wa m'magazi m'minofu. Pofuna kukakamiza, thupi limapanga insulini yochuluka, ndipo insuliniyo imakankha mabasiketi kupanga mahomoni achimuna ochulukanso. N'chifukwa chake PCOS ndi matenda a shuga amayendera limodzi kawirikawiri. Khungu lakuda ndi lokhuthala kuseri kwa khosi kapena m'khwapa, lomwe ena amalipala ndi mwala poganiza kuti ndi litsiro, nthawi zambiri limakhala chizindikiro cha zimenezi.

Nanga achipatala amalipeza bwanji? Madokotala awiri a ku Chicago, Irving Stein ndi Michael Leventhal, ndi omwe adalifotokoza mu 1935 ataona amayi 7 okhala ndi zizindikiro zofanana. Mu 2003 akatswiri adakumana ku Rotterdam n'kugwirizana mfundo zomwe zikugwirabe ntchito lero. Mayi wamkulu ayenera kukhala ndi zizindikiro ziwiri mwa zitatu izi. Choyamba ndi msambo wosalongosoka: kubwera masiku 21 asanakwane, kudutsa masiku 35, kapena kusamba kosakwana ka 8 pachaka. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa mahomoni achimuna, kooneka ndi maso kapena poyeza magazi: ndevu, tsitsi pachifuwa ndi pamimba, ziphuphu zosamva mankhwala, kuthothoka kwa tsitsi paliwombo. Chachitatu ndi timatumba tambiri tooneka pounika.

Taonani bwino: ziwiri mwa zitatu. Mayi yemwe msambo wake ndi wosalongosoka ndipo akumera ndevu safunika kudikira makina ounikira kuti dokotala aganizire za PCOS. Izi ndi zofunika m'dziko muno, momwe makina otere sapezeka pachipatala chilichonse. Chomwe dokotala amachita ndi kutsimikiza kaye kuti palibe chifukwa china: mimba, kuyamwitsa, jakisoni wolera wa Depo yemwe amaimitsa msambo mwa amayi ambiri, matenda a chithokomiro, kapena kuchuluka kwa homoni yoyambitsa mkaka. Zina mwa izi zimafuna kuyeza magazi kuchipatala chachikulu. Koma poyambira penipeni ndi mbiri yomwe mayi amafotokoza ndi pakamwa pake, ndipo mbiri ya abale ndi gawo la mbiri imeneyo.

Umboni wake ulipo. Kafukufuku wa mapasa ku Netherlands, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2006, adasonyeza kuti zakumtundu ndi zomwe zimatenga gawo lalikulu, pafupifupi magawo 7 mwa 10, pofotokoza chifukwa chomwe amayi ena amakhalira ndi PCOS pomwe ena alibe. Mu 2019 akatswiri a ku Karolinska Institutet ku Sweden adapeza kuti ana aakazi obadwa kwa amayi a PCOS amapezeka ndi vutoli kasanu kuposa anzawo. Palibe chinthu chimodzi cha m'magazi chomwe tingaloze kuti ndi ichi. Ndi tinthu tambiri tomwe mwana amatengera kuchikazi ndi kuchimuna komwe. Choncho azakhali a kwa bambo amalowa m'nkhaniyi mofanana ndi amayi aang'ono.

Amuna nawonso asakhale patali. Bambo ndi alongo a mayi wa PCOS alibe mabasiketi a mazira, koma kafukufuku wosiyanasiyana wasonyeza kuti vuto la insulini ndi matenda a shuga amawapeza kawirikawiri kuposa amuna ena. Mwana wanu wamkazi akauzidwa kuti ali ndi PCOS, inu bambo mwalandira chenjezo laulere: kayezetseni shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Ndikudziwa chomwe ena anganene. Kulengeza kuti vuto ndi lakumtundu kukhoza kusanduka chitonzo. Apongozi akhoza kuyamba kunena kuti kubanja kwa uje kulibe mbeu, anyamata n'kumalambalala khomo lonse. Mayi nayenso akhoza kudziimba mlandu kuti wapatsira mwana wake. Nkhawayi ndi yomveka, koma yankho lake ndi kunena zoona zonse, osati theka. PCOS si uchumba. Ndi chifukwa chofala kwambiri cholepheretsa dzira kutuluka, inde, koma amayi ambiri a PCOS amabereka, ena popanda thandizo lililonse, ena atamwa mankhwala okhwimitsa dzira monga letrozole kapena clomiphene. Ganizani izi: likadakhala loletseratu kubereka, likadayenda bwanji kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana? Komanso kutengera chiopsezo si kutengera matenda. Ana aakazi ambiri a amayi a PCOS amakula opanda vutoli.

Chitonzo chenicheni chimakula pomwe pali chinsinsi. Mayi yemwe sadziwa dzina la vuto lake ndi amene amathera ndalama kwa asing'anga kuti amutembenuzire chiberekero, amene amakayikira mnansi kuti adamulodza, amene amasiyidwa ukwati mwamuna wake asadayezedwe n'komwe. Banja likatha chaka likuyesa popanda mimba, oyenera kupita kuchipatala ndi awiri, chifukwa vuto likhoza kukhala kwa mwamuna, kwa mkazi kapena kwa onse.

Chenjezo lina likhudze makolo a atsikana. Kudziwa kuti vutoli lilipo kumtundu si chifukwa chothamangira kupachika dzina pamwana yemwe wangotha msinkhu kumene. M'chaka choyamba, msambo wodumphadumpha ndi wachibadwa. Ziphuphu nazo ndi za msinkhu umenewo. Malangizo a akatswiri apadziko lonse a mu 2023 amati mtsikana asaunikidwe pofuna kupeza PCOS zisadathe zaka 8 kuchokera pomwe adayamba kusamba, chifukwa mabasiketi a atsikana ambiri abwinobwino amaoneka ndi timatumba tambiri. Kwa mtsikana, pamafunika zizindikiro ziwiri zoyamba zija zonse pamodzi. Zoyenera kukutengerani kuchipatala ndi izi: watha masiku oposa 90 osasamba chaka choyamba chitadutsa, wafika zaka 15 asadayambe kusamba, kapena tsitsi lakumaso ndi pachifuwa likuchulukirachulukira. Ndipo mwana akachedwa kusamba, musayambe ndi ndodo ndi mafunso okhudza anyamata. Mtsikana yemwe adakalipiridwa kamodzi sadzanenanso.

Ena amafunsa kuti ngati mayi sakufuna mwana panopa, kapena adabereka kale, avutikirenji? Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Mayi akamatha miyezi yambiri osasamba chifukwa dzira silikutuluka, khungu la mkati mwa chiberekero limangokhuthala osachoka. Zaka zikamapita, izi zimakweza chiopsezo cha khansa ya mkati mwa chiberekero, yomwe ndi yosiyana ndi khansa ya khomo la chiberekero yomwe timaimva kawirikawiri. Ambiri saidwala, koma chitetezo chake n'chosavuta: mapiritsi olera kapena mankhwala ena omwe dokotala angapereke. Palinso shuga, yemwe amatha kuyamba mayi ali woyembekezera kapena akadali wachitsikana, ndi kuthamanga kwa magazi. Palinso mtima wosweka. Nkhawa ndi kukhumudwa zimagwira amayi a PCOS kwambiri, ndipo n'zosadabwitsa kwa munthu yemwe amameta mobisa m'mawa uliwonse kuopa kusekedwa.

PCOS sichizika kutheratu, koma imalamulika. Kwa mayi wonenepa, kutsitsa makilogalamu 4 pa 80 kumatha kubwezeretsa msambo. Palibe chakudya chamatsenga: kuchepetsa shuga mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera, kuchulutsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, kusankha mgaiwa, ndi kuyenda ndawala mphindi 30 masiku asanu pasabata. Metformin, mankhwala odziwika a shuga, amathandiza ena. Koma tisasandutse kunenepa kukhala mlandu. Vutoli ndi lomwe limachititsa kuti thupi livute kutsika, ndipo alipo amayi ochepa thupi omwe ali nalo. Dziwaninso kuti msambo wosalongosoka si njira yolera. Dzira limatha kutuluka mosayembekezereka.

Kwa inu alangizi a zaumoyo ndi odzipereka a m'midzi, ntchito yanu si kuuza munthu kuti ali ndi PCOS; imeneyo ndi ya dokotala. Yanu ndi kufunsa mafunso omwe ena amachita nawo manyazi, pamalo poduka mphepo. Mayi akadandaula za msambo, mufunseni ngati akulera kapena kuyamwitsa, ndipo ayezetse mimba. Mulimbikitseni kulemba tsiku loyamba la msambo uliwonse pakalendala kapena kumapeto kwa kabuku kake ka kuchipatala kwa miyezi ingapo. Mufunseni ngati mayi ake, achemwali ake kapena azakhali ake adavutikapo ndi msambo, ndevu, kuchedwa kutenga mimba kapena shuga. Mayi wofika kuchipatala ndi masiku olembedwa komanso mbiri ya abale amakhala wamugwirira dokotala theka la ntchito. Akatenga mimba, akanene kusikelo kuti ali ndi vutoli kuti amuyeze shuga msanga.

Kwa inu amayi omwe mudapezeka kale ndi PCOS, ufulu wosunga chinsinsi ndi wanu, ndipo palibe woyenera kukuululani. Koma ganizirani za mng'ono wanu yemwe mwina akudutsa njira yomweyo payekha, ndi mwana wanu yemwe akukula. Anamkungwi amaphunzitsa namwali kudzisamalira akakhala kumwezi. Awonjezerepo kuti mwezi ukamadutsa kangapo osaona kanthu, akanene kwa mayi ake ndi kuchipatala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pankhani iyi wofunsa alipo, koma nthawi zambiri amasowa womuyankha m'nyumba momwemo. Yambani ndinu kuyankha.