Nota 15 isasanduke 2 panjira

Ana a sukulu, aphunzitsi ndi makolo, lero tikambirane nkhani ya manota. Ena mudzati nkhaniyi ikali patali, popeza mukali m'makalasi oyamba. Koma zaka zimathamanga. Mwana amene lero akuphunzira kulemba dzina lake, posacedwa adzamaliza kalasi ya 12, ndipo ena mwa inu mudzafuna kukaphunzira kunja kwa dziko.

Mwana wa mlongo wanga anamaliza kalasi ya 12 ku Ulónguè. Ataphatikiza maphunziro onse, nota yake inali 15. Tonse tikudziwa tanthauzo la 15. Kuno ku Mozambiki manota amayamba pa 0 kulekeza pa 20, ndipo wopeza 10 wakhoza. Kuyambira 10 mpaka 13 timati zakwanira. Kuyambira 14 mpaka 16 timati ndi bwino. 17 ndi 18 ndi bwino kwambiri, ndipo 19 ndi 20 ndiye mapeto. Aphunzitsi athu sapereka 18 mwacisawawa. Ine ndaphunzitsa zaka zambiri, koma ana amene ndinawapatsa 19 ndingawawerenge pa zala za dzanja limodzi. Conco 15 ndi nota yophera nkhuku, ndipo nkhuku tinaphadi.

Mtsikanayu anafuna kukaphunzira ku Amereka. Anadzaza fomu pa intaneti, pa foni ya mnzake. Pa fomupo panali malo ofunsa GPA. Imeneyi ndi nota ya kumeneko, ndipo kawirikawiri imalekeza pa 4. Cilembo A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1. Sukulu zambiri za kumeneko zimapereka A kwa wopeza 90 pa 100, B kwa wopeza 80, C kwa wopeza 70. Iye anatenga pensulo nawerengera. 15 pa 20 ndi 75 pa 100. 75 ndi C. C ndi 2. Mnzake anamuuza kuti ai, gawa 15 ndi 5, upeza 3. Koma iye anaopa kuti angamuyese wabodza, ndipo analemba 2.

Patapita miyezi kunabwera kalata yokana. Makalata otere safotokoza cifukwa. Koma amene anatsegula fomu ija anayamba ndi kuona nambala ya mwana wongokhoza pang'ono, pamene mwanayo anali mmodzi wa otsogola m'kalasi mwake. Atandionetsa, anati, "Amalume, kodi masamu anga analakwika?" Ndinayang'ana. Masamu sanalakwike. Cinalakwika n'cakuti anamasulira yekha cinthu cimene sicinali cake kumasulira.

Nota ili ngati liu. Liu limamveka kwa anthu a cinenero cake. Inu amene mumaphunzira m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi mukudziwa kuti simungatenge mau a cinenero cimodzi n'kuwaika m'cinzake limodzi ndi limodzi, ngati kusinthanitsa nyemba ndi nyemba. Manota ali cimodzimodzi.

Sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Tangoolokani malire pa Calómuè mufike ku Dedza. Ku Malawi, pa mayeso a MSCE, nota yapamwamba ndi 1, ndipo 9 ndi kulephera. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo wopambana onse amakhala ndi mapointi 6. Kholo la ku Dedza likamva kuti mwana wapeza mapointi 9 limapha mbuzi. Kholo la ku Ulónguè likamva kuti mwana wapeza 9 limagona ndi mutu wopweteka. Anthu awa amalankhula cinenero cimodzi, amagula pa msika umodzi, ena ndi pacibale, koma nambala imodzi yomweyo ikuwauza zinthu ziwiri zosiyana. Nanga kuli bwanji munthu wa ku Boston kapena ku Berlin?

Ku Germany nakonso 1 ndiye wapamwamba, ndipo 4 ndiye malire a kukhoza. Iwo ali ndi njira yao yowerengera manota a alendo, imene imachedwa ndi dzina la dera la Bavaria. Njirayi imafunsa zinthu zitatu: nota yapamwamba ya dziko lanu, nota yokhozera, ndi nota yanu. Tiyeni tiyese ndi 15. Kucokera pa 15 kufika pa 20 pali 5. Kucokera pa 10 kufika pa 20 pali 10. Ndiye kuti mwanayu ali pa theka la ulendo. Theka kucurukitsa ndi 3 ndi 1 ndi theka. Tikaonjezapo 1 tipeza 2 ndi theka. Taonani tsopano. 15 mmodzi yekha watipatsa 2, watipatsa 3, watipatsanso 2 ndi theka, ndipo 2 ndi theka wa ku Germany amawerengedwa cotsika pamene wa ku Amereka amawerengedwa cokwera.

Pali maiko amene zinthu n'zosavuta. Ku Portugal manota a sekondale amayambanso pa 0 kulekeza pa 20, ndipo posankha olowa m'yunivesite amawerengera pa 200, kotero 15 ndi 150. Mu 2014 dzikolo linaika lamulo la ophunzira ocokera kunja, ndipo yunivesite iliyonse imatsegula mpikisano wake wa alendo. Ku Brasil kuli pulogalamu ya PEC-G, imene inayamba mu 1965. Wofuna malo amalembetsa kudzera ku ofesi ya kazembe wa Brasil, ndipo amafuna kuti manota a sekondale akaphatikizidwa afike 60 pa 100. Kwa ife ndi 12. Apa masamu a pensulo akugwira nchito. Koma akugwira cifukwa eni ake anena kuti tiwerengere conco. Mwini nyumba ndiye amaonetsa mlendo pokhala.

Maganizo anga ndi awa. Polemba fomu ya kunja, lembani nota yanu monga ilili pa setifiketi. Lembani 15. Lembani kuti yapamwamba ndi 20. Lembani kuti yokhozera ndi 10. Kusintha kusiyireni amene alandira fomu. Yunivesite zambiri zili ndi anthu amene nchito yao ndi kuwerenga masetifiketi a maiko ena. Zina zimakutumizani ku mabungwe a nchito imeneyi: WES ku Amereka ndi ku Canada, UK ENIC ku Britain, uni-assist ku Germany, SAQA ku South Africa. Mabungwe amenewa amalipiritsa, conco musatumize ndalama yunivesite isanakuuzeni kuti ikufuna liti.

Ena amatsutsa. Amati popeza aphunzitsi athu ndi ouma manja, mwana alembe 4, cifukwa 15 wathu ndi A wa kumeneko. Ndikumvetsa mtima umenewu, ndipo nthawi zina nanenso ndimaganiza kuti mwana wathu wa 15 angaime ndi wa A osacita manyazi. Koma setifiketi imapita pamodzi ndi fomu. Wowerenga akaona 4 pa fomu ndi 15 pa setifiketi, adzafunsa kuti 4 ameneyu wacokera kuti. Akakayika nambala imodzi, adzakayika zonse, ngakhale nkhani ya moyo wanu imene mwalemba moona. Yunivesite ikhoza kulanda malo amene inapereka kale ikapeza kuti pa fomu panali zosaona. Kudzikweza ndi kudzicepetsa zonse ziwiri zimaononga.

Ena amati fomu imakana kupitirira ngati malo a GPA ali opanda kanthu. Yang'anani bwino. Mafomu ambiri amalola kusankha muyezo wa dziko lanu kapena kusiya malowo. Ngati fomu ikukanadi, lemberani yunivesiteyo kalata yaifupi pa intaneti mufunse. Funso salipiritsa, ndipo yankho lao mulisunge.

Tsopano ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga, cifukwa mbali yaikuru ya mlandu uwu ndi yathu. Timapereka setifiketi yokhala ndi manambala okhaokha, n'kumuuza mwana kuti ayende bwino. Nambala yopanda mboni siingadzilankhulire. Mwana aliyense wofuna kupita kunja ayenera kulandira tsamba limodzi locokera ku sukulu, lokhala ndi cidindo ndi dzina la mkuru wa sukulu. Tsambalo linene muyezo wa manota athu ndi tanthauzo lake. Linene kuti m'kalasi ya 12 munali ana angati caka cimeneco, angati anafika pa 15, ndipo mwanayu anali wacingati. Tsamba lotere silidya ndalama. Limadya ola limodzi la mphunzitsi. Sukulu za ku Amereka zili ndi mlangizi amene amatumiza zimenezi ku yunivesite. Sukulu zathu zambiri zilibe munthu wotere, koma mkuru wa sukulu kapena mphunzitsi wa kalasi akhoza kugwira nchitoyi.

Makalata ocitira umboni nawonso timawalemba mwaulesi. Timangoti mwanayu ali ndi khalidwe labwino ndipo amalemekeza akuru. Mau amenewa tingalembere mwana aliyense. Lembani zimene munaona. Ngati ankayenda makilomita ambiri tsiku lililonse osacedwa, nenani. Ngati anaphunzira Kemisitili pa sukulu yopanda cipinda coyesera mankhwala n'kupeza 16, nenani, cifukwa 16 ameneyo ndi wolemera.

Pali cinthu cina cacing'ono cimene cimagwetsa ambiri, ndico dzina. Dzina limodzi lomwelo lingalembedwe Chissale pa citupa, Chisale pa setifiketi, ndi Cisale m'kope la Cinyanja. Kwa ife ndi munthu mmodzi. Kwa kompyuta ya ku London ndi anthu atatu. Lembani dzina monga lilili pa pasipoti, ndipo ngati setifiketi yasiyana, pitani mukakonzetse nthawi ikalipo. Samalaninso tsiku lobadwa. Anthu a ku Amereka amayamba ndi mwezi, kenako tsiku. Mukalemba 03/04 poganiza za pa 3 Epulo, iwo adzawerenga kuti pa 4 Malici. Setifiketi yathu ili m'Cipwitikizi, conco maiko a Cingelezi adzafuna kuti imasuliridwe ndi womasulira wolumbira. Iyenso amasulire mau okha. Manambala asawakhudze.

Nthawi nayonso siigwirizana. Caka cathu ca sukulu cimatha kumapeto kwa caka, pamene ku Ulaya ndi ku Amereka maphunziro amayamba mu Ogasiti, Seputembala kapena Okutobala, ndipo mafomu amatsekedwa miyezi yambiri zisanafike pamenepo. Ku Britain amalembetsa kudzera ku UCAS. Munthu amasankha malo mpaka asanu, ndipo ambiri amatseka mu Januwale. Ofuna Oxford, Cambridge kapena maphunziro a udokotala amatseka pakati pa Okutobala. Yunivesite zambiri za ku Amereka zimatseka kumayambiriro kwa Januwale, nthawi imene setifiketi ya kalasi ya 12 mwina isanaturuke. N'cifukwa cake manota a kalasi ya 10 ndi ya 11 amafunika kwambiri. Palinso mayeso a Cingelezi monga IELTS, amene manota ake amalekeza pa 9, ndipo amafuna ndalama ndi ulendo. Amene akuyembekeza thandizo la boma atsatire zolengeza za Instituto de Bolsas de Estudo. Woyamba kukonzekera ali m'kalasi ya 11 sanafulumire.

Mwana wa mlongo wanga walembanso fomu caka cino. Pa malo a nota walemba 15 pa 20. Mkuru wa sukulu analemba tsamba lija, ndipo linanena kuti mtsikanayu anali wacinai m'kalasi mwake. Ine ndinalemba kalata ya umboni katatu ndisanakhutire nayo. Yankho tikuliyembekeza kumapeto kwa Malici. Pakali pano akuthandiza amai ake m'munda wa kacewere, ndipo madzulo amabwereka foni kuti aone ngati kwabwera kanthu.