Masters ya Communication: ndalama zake zibwerera kudzera kuti?

Nyengo ya ma graduation ikafika, Facebook imadzaza ndi mikanjo ndi zipewa, ndipo ndemanga zake zimakhala zomwezomwezo: zabwino zonse, kwatsala masters basi. Kwa anzanga amene munaphunzira utolankhani kapena communication, ine ndikuti tiyambe tawerengera kaye, chifukwa msika umene unkagula pepala limeneli wasintha.

Kophunzirira kulipo. Ku MUBAS, komwe ambirife timakutchulabe kuti ku Poly ngakhale inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021, kuli masters ya Health and Behaviour Change Communication. Ena maso awo ali ku Rhodes University ku South Africa kapena ku Daystar ku Nairobi.

Koma taonani bwino dzina la pulogalamu ya ku MUBAS ija: zaumoyo ndi kusintha khalidwe la anthu. Dzinalo likukuuzani kale amene amalemba ntchito anthu oterewa. Si nyumba zoulutsira mawu ayi. Mkonzi wa nkhani amafuna munthu wodziwa kusaka nkhani ndi kuipereka nthawi isanathe, ndipo ndi kawirikawiri kumva mtolankhani akudandaula kuti digiri yachiwiri sinasunthe malipiro ake. Amene ankalipira bwino anali mabungwe a mapulojekiti a HIV, malungo ndi uchembere wabwino. Atolankhani ambiri ankapita ku masters n'cholinga choti athawe mu newsroom akakhale communications officer ku bungwe, galimoto ya pulojekiti ili panja.

Khomo limenelo lachepa. Mu January 2025 boma la Donald Trump linaimitsa thandizo lopita kumayiko akunja, ndipo pofika July chaka chomwecho USAID inali itatsekedwa. Mapulojekiti ambiri kuno kwathu anaima. Bajeti ikafupika, bungwe limasunga namwino ndi mankhwala, wolemba ma newsletter ndiye amayamba kulongedza. Ndiye lero mukamaliza masters, mukupikisana ndi anthu amene ali nayo kale, kuphatikizapo zaka khumi za ntchito, ndipo nawonso akungokhala pakhomo.

Mtengo nawo suseka. Masters ambiri amalipira okha m'thumba, kapena ndi ngongole ya ku banki ndi banki m'khonde. Wofuna kunja akumbukire kuti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, fizi ya m'marandi ndi m'madola inakwera usiku umodzi, osanenanso za kusowa kwa forex. Chevening ya ku Britain imalipira zonse, zoona, koma imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri.

Sindikunena kuti maphunzirowa ndi achabe. Ntchito yake ilipo yambiri, kungoti ili kumalo kumene sitimakuyang'ana. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo limafuna kuti maofesi a boma akhale ndi munthu woyankha nzika zikafunsa uthenga. Makhonsolo athu a m'tauni akufunika anthu odziwa kufotokozera anthu za misonkho ya m'misika, zinyalala ndi mapuloti, osati kungoika chithunzi cha a meya akudula riboni.

Ndiye pali funso limene limandisowetsa tulo. Namondwe Freddy asanafike mu March 2023, a zanyengo anachenjeza pa wailesi ndi pa mafoni. Komabe anthu ambiri a ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, matope anawapeza m'nyumba. Kodi uthenga sunawafike, sanaukhulupirire, kapena anaumva koma analibe kothawira? Nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 mphekesera zinafika poti m'madera ena anthu anaukira zipatala. Amenewa ndi mafunso a masters enieni, ndipo amene angawafufuze bwino, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chisena, ali ndi chogulitsa chimene wongoloweza mabuku a azungu alibe.

Musanalipire fomu, onani ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE. Kenako pezani anthu awiri kapena atatu amene anaimaliza, muwafunse kuti thesis inawatengera zaka zingati komanso supervisor ankayankha pakatha nthawi yaitali bwanji. Pa pepala amalemba zaka ziwiri, koma zimachitika kuti munthu makalasi anamaliza kalekale, chaka chachinayi akudikirabe ndemanga pa chapter 3.