Kambalame ka ku Cousin Sikadziwika ndi Nthenga

Ana anga, inu amene mwayamba kukonda zoona mbalame, musamathamangire kutchula dzina mutangoona mtundu wa nthenga. Pa chilumba cha Cousin ku Seychelles pali kambalame komwe eni dera amakatcha Timerl Dezil, m'mabuku n'kumati Seychelles warbler. Wopupuluma angati ndi timba wamba. Msana wake ndi wodera mobiriwirako, kumimba kotuwa mwachikasu, utali pafupifupi masentimita 14. Palibe chokopa maso.

Poyang'ana ndi pamlomo. Pa chilumba chomwecho pali toktok, nayenso wamng'ono ndi wodera, koma mlomo wake ndi wokhuthala. Wa Timerl ndi wautali, wosongoka, wotolera tizilombo kunsi kwa masamba. Pamwamba pa diso pali kamzere kotuwa. Zimenezi simungazione mukuyenda ndi kucheza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Khalani pansi, foni ilowe m'thumba, mutchere khutu, pakuti kambalameka kakatsegula kukhosi kamaliza likhweru lokoma lomwe toktok sangalikwanitse.

Mudzaonanso chodabwitsa pachisa. Kawirikawiri kamaikira dzira limodzi lokha, koma odyetsa mwana amatha kukhala atatu. Ana amene akula, makamaka aakazi, amatsalira pakhomo kuthandiza makolo kulera, ndipo nthawi zina ngakhale agogo amalowapo. Timba sachepa ndi mazira ake, ndithu, komatu uyu amadziwanso kuti kulera n'kwa mudzi.

Kambalameka kanatsala pang'ono kutheratu. Nkhalango ya pa Cousin inagwetsedwa kuti pakhale munda wa kokonati, ndipo pofika 1968 timbalameti tinatsala tosakwana 30 padziko lonse. Chaka chimenecho bungwe lomwe lero ndi BirdLife International linagula chilumbacho, mitengo yachilengedwe n'kuphukanso. Titachuluka, tina anatisamutsira ku Aride mu 1988, ku Cousine mu 1990, ku Denis mu 2004 ndi ku Frégate mu 2011. Lero tapitirira 3,000.

Mukadzafikako, funsani alonda a pachilumbapo. Safunsa anadya phula. Tambiri mudzatipeza tili ndi timphete tamitundumitundu m'miyendo. Musalembe m'kope kuti ndi chibadwa chake. Amativeka ndi ofufuza, kuti adziwe kuti uyu ndi mwana wa yani.