Chipatala Chikonzekere Ngozi Isanagwe



1. Ife a Komishoni ya Chilungamo ndi Mtendere tikukulemberani pa nkhani imene kawirikawiri imakumbukiridwa maliro atachuluka kale, ndiyo kukonzekera kwa zipatala zathu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Tikunena poyera kuti kukonzekeraku ndi mbali ya ulamuliro wabwino, ndiponso ngongole imene atsogoleri ali nayo kwa anthu amene anawasankha.

Zimene dziko lathu laona

2. Mu January 2021, mliri wa Covid-19 utafika pachimake, odwala ambiri anasowa mpweya wothandiza kupuma. Chaka chomwecho kafukufuku wa boma anaonetsa kuti gawo lina la K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliriwo linagwiritsidwa ntchito molakwika. Mu March 2022 kunabuka kolera amene anagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Mu March 2023 namondwe Freddy anakantha chigawo cha kummwera. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, misewu inaduka, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinadzaza ndi ovulala. Madzi akatayika saoleka, koma phunziro la masoka amenewa tisalitaye.

Kwathu kuno ku Dedza

3. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma lino, ndipo onsewa ali ndi chipatala chachikulu cha boma chimodzi chokha. Msewu wa M1 umatidutsa pakati, mabasi ndi magalimoto akuluakulu akuyendamo usana ndi usiku. Tili pa chipata cholowera ku Mozambique, pamene matenda opatsirana safunsa chiphaso. Mvula yogwa kuno kumapiri imathamangira kwa abale athu a ku Mtakataka ndi ku Golomoti, ndipo wodwala wa kumeneko wotumizidwa ku boma ayenera kukwera chitunda chokhotakhota. Wofunika madokotala a ukadaulo amatumizidwanso ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe.

4. Tsono tidzifunse: basi itagubuduzika pa Linthipe pakati pa usiku, ovulala ochuluka n'kufika pa chipatala nthawi imodzi, magetsi atazima, ndani adzaitana anamwino amene ali kunyumba? Ndani adzasankha woyamba kuthandizidwa? Kodi jenereta ndi ambulansi zidzakhala ndi mafuta? Kodi magazi adzapezeka? Mayankho a mafunso otere salembedwa ovulala ali kale pakhomo.

Udindo wa olamulira

5. Gawo 13 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula boma kutsata mfundo zopereka chithandizo chokwanira cha zaumoyo. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupatula 15 pa 100 iliyonse ya ndalama za boma kuti zipite ku zaumoyo. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'malo mwa lija la 1991. Malamulo alipo. Chotsala ndi kuwasandutsa mankhwala m'nkhokwe ndi mafuta m'galimoto.

6. Choncho tikupempha Khonsolo ya Dedza, Bwanamkubwa ndi akuluakulu a zaumoyo kuti chipatala chilichonse chikhale ndi dongosolo lolembedwa la nthawi ya ngozi, lodziwika kwa aliyense kuyambira dokotala mpaka mlonda wa pageti, ndipo liyeseredwe chaka ndi chaka dzinja lisanafike. Mankhwala, madiripi ndi kolorini zisungidwe padera, ndipo ndalama zake zilengezedwe poyera. Zipatala za mipingo, monga Mua ndi Mtendere, zikhale m'dongosolo limodzi ndi za boma, ndipo boma lilipire msanga ndalama zimene limagwirizana ndi CHAM. Makhansala ndi aphungu athu alondoloze zimenezi m'malo modzaonekera ndi matumba a ufa ngozi itagwa.

Udindo wathu

7. Yosefe ku Ejipito anasunga chakudya m'zaka za dzinthu zambiri, napulumutsa mitundu ya anthu njala itabwera. Nafenso tisadikire kulira. M'miphakati yathu tikambirane za ndani ali ndi galimoto kapena njinga yamoto yonyamulira wodwala usiku, ndi za okalamba, olumala ndi amayi oyembekezera amene angafunike kusamutsidwa msanga. Athanzi apereke magazi mwaufulu. Timvere alangizi a zaumoyo pa nkhani ya zimbudzi ndi madzi akumwa. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, likutilola kufunsa khonsolo kuti itionetse dongosolo lake. Tifunse mwaulemu koma mosatopa.

8. Kwa inu madokotala, anamwino ndi onse otumikira odwala, tikuthokoza kudzipereka kwanu pa nthawi zovuta. Koma wogulitsa mankhwala a boma mobisa kapena wopopa mafuta a ambulansi adziwe kuti akuba moyo wa m'bale wake, ndipo adzayankha pamaso pa Mulungu.

Amayi Maria, mchiritsi wa odwala, atipempherere. Mulungu wamphamvuzonse akudalitseni nonse.

Kalata iyi iwerengedwe m'matchalitchi onse ndipo ikambidwe m'miphakati.